Mlandu wa Usipa wa Achemwali

Lolemba

M'bindikiro wa mliri wayamba. Ellenbrook yense, dera lathu kuno ku Perth, zii. Lesitilanti ya ku Northbridge komwe ndimatsuka mbale yatseka, ndiye ndilibenso chonamizira: ndemanga yanga pa bilu yatsopano, yopita ku komiti ya nyumba ya malamulo, ithe pofika Lachisanu. Aphunzitsi anga akuti wophunzira zamalamulo azimveka, osamangolemba zokagona pa shelefu.

Nkhani ya biluyo ndi iyi. Kampani ikagwidwa ndi ziphuphu, boma lisathamangire kukhoti. Agwirizane: kampani ivomere, ilipe, isinthe khalidwe, mlandu uimikidwe kaye. Ikaswa pangano, mlandu udzuke. Aphungu akufunsa ngati mipanda yake ili yolimba, kapena ndi njira yoti olemera azigula mtendere. Ine ndikuti ndi yolimba. Ilipo inayi:

1. wolakwa avomere
2. jaji wopuma ntchito, wosakondera, aone ngati pangano lili lachilungamo
3. pakhale woyang'anira wolakwayo
4. anthu onse adziwe

Masana, fungo. Fungo la kwathu lenileni! Achemwali, anamwino athu, apita kuntchito m'mamawa. M'nyumba tatsala ine ndi alamu, amene kampani yawo ya ku Malaga, konkuno ku Perth, yatsekanso. Ndalowa m'khitchini: mazenera onse pululu, alamu ali pa chitofu, m'poto muli usipa.

Usipa wa achemwali! Phukusi limene mayi anawapatsa pa bwalo la ndege malire asanatsekedwe, lomaliza, losungidwa mufiriji ya m'galaja. Lamulo lake timalidziwa tonse: osakhudza.

"Mlamu, ndangotapa pang'ono. Usawauze, ndapota nawe."

Achemwali akamva adandaula kwambiri, ndipo m'nyumba muno simukhalika. Koma taonani mwayi! Kampani yolakwa yapezeka m'khitchini momwe. Ndiimika kaye mlandu, ndiyese mipanda yanga, usipa wotsalawo upulumuke.

Lachiwiri

Mpanda woyamba: kuvomera.

Ine: "Nenani kuti ndinaba usipa."

Alamu: "Kuba m'nyumba mwanga? Ayi, mawu amenewo ndi olemera."

Takangana m'mawa wonse. Tagwirizana kuti "usipa unachepa alamu ali pafupi". Sindikukondwa nazo, koma makampani nawonso amavomera chonchi, ngati mlandu unangowagwera kuchokera mumtengo.

Chilango: mbale zonse za sabata ino. Alamu avomera mosavuta, mpaka ndayamba kukayikira ngati chilangocho chikuwawa.

Madzulo achemwali afika, asamba, apita kugalaja, abwera. Apeza amuna awo manja ali m'thovu.

"Bambo a kuno akutsuka mbale? Mwawayeza kutentha thupi?"

Ndaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo imafunira.

Lachitatu

Mpanda wachiwiri: jaji. Mwayi wanga, alipo! Abambo Mbewe, majisitireti wopuma ntchito. Anabwera kudzaona mdzukulu, malire n'kuwatsekera konkuno. Akungokhala, akuti angathandize.

Tawaimbira pa vidiyo. Avala jekete ndi magalasi, ngakhale m'munsimu ndikuganiza kuti ndi kabudula. Ndafotokoza mlandu wonse mwaulemu. Iwo akugwedeza mutu. Funso loyamba la khoti:

"Usipa wake, wofutsa kapena wongoyanika?"

Funso lachiwiri, kwa wolakwa: "Kodi inu kwanu n'kuti?"

Basi. Onse a ku Ntcheu! Midzi yoyandikana! Ayamba kuwerengetsana amene anamwalira, amene anakwatira, amene anagulitsa dimba. Ine ndi mapepala anga pambali ngati mlendo pa ukwati wa eni.

Chigamulo: pangano ndi lachilungamo, wolakwa ndi mwana wa anthu abwino. Koma khoti silingasaine lisanaone umboni. Umboniwo ukasiyidwe pa geti, wokwana ndiwo za munthu mmodzi.

Ndatsutsa. Khoti lati kutsutsa kwamveka, umboni ubwerebe. Alamu avala masiki, akuti akupita kogula zakudya.

Phukusi lafika theka. Ndemanga: tsamba limodzi.

Lachinayi

Mpanda wachitatu: woyang'anira. Ndine. Wina ndani?

Ndasamutsira kompyuta m'khitchini, pomwe ndikuona chitseko cha kugalaja. Alamu akudutsadutsa ngati mphaka. Tiyi. Madzi. Tiyi wina.

Woyang'anira wabwino sangodalira mawu, amaona ndi maso. Ndatulutsa phukusi kuti ndione mlingo wake. Ndamasula. Ndanunkhiza pang'ono, mwantchito.

Mayo ine! Kwathu konse kwatulukira m'pepala: msika, fumbi, mayi akukangana ndi wogulitsa kuti aonjezere basela. Ndawasowa mayi. Ndaima pamenepo ngati wopusa, misozi ili m'maso.

Alamu kumbuyo kwanga, mawu ofewa: "Mlamu, ungayang'anire bwanji chinthu chosachidziwa kukoma kwake?"

Zomwe zatsatira:

- tomato
- anyezi
- nsinjiro pang'ono
- ine kunyambita chala

Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mwambi umenewu ndakhala ndikunyozera nawo anthu a katangale moyo wanga wonse, lero wandipeza ndili ndi mbale m'manja.

Mbalezo ndatsuka ndine, kufafaniza umboni. Wolakwa ali pa sofa, akutokosa m'mano.

Lachisanu

Mpanda wachinayi: anthu onse adziwe. Vuto ndi lakuti m'nyumba muno "anthu onse" ndi achemwali.

Ndawerenganso biluyo. Ikulola kuchedwetsa chilengezo ngati chingasokoneze chilungamo. Lolemba ndinalemba m'mbali mwake kuti "bowo loopsa!" Lero ndalowa pa bowo lomwelo, ndipo ndakwana bwinobwino.

Alamu abwera ndi nzeru: kubweza. Akagula tinsomba touma m'shopu ya zakudya za ku Asia. Toyera, tamchere, maso ake ena. Tasakaniza ndi usipa wotsala, tagwedeza, tamanga. Ukaonera patali, m'chipinda mopanda magetsi, phukusi ladzadza.

Ndapempha kuti ndemanga ndidzatumize Lolemba. Chifukwa chomwe ndapereka: kafukufuku akupitirira. Si bodza.

M'bindikiro watha madzulo ano. Achemwali afika masiki atawadinda mizere m'masaya, mapazi otupa. Asamba, apita kugalaja monga mwa masiku onse, akhalitsako. Ine maso ali pa chitseko. Abwera, angoti Lamulungu apuma, tidzadyera limodzi.

Loweruka

Foni siikupuma!

A Mbewe anauza mwana wawo. Mwana wawo ali m'kwaya. Kwaya ili pa gulu la pafoni la Amalawi, ndipo gululo lili ndi alendo a ku Zambia.

"Ndamva kwanu kuli usipa."

"Sisi, ngakhale tiwiri tokha, mwana wanga aone kuti usipa n'chiyani."

"Imwe, kapenta mugulitsa zingati?"

Mpanda wachinayi wagwira ntchito: Perth yense akudziwa, kupatula mwini wake. Achemwali anatuluka pa gululo kalekale, akuti mumachuluka maliro ndi malonda.

A Mbewe aimbanso. Akuti khoti laona kuti umboni unali wochepa, likufuna kuunikanso mlandu. Ndawauza kuti netiweki ikuvuta.

Ine ndi alamu takumana kuseri kwa nyumba. Tagwirizana kuulula mawa. Sitinagwirizane woyamba kulankhula. Iwo akuti ndine wa magazi amodzi, sangandithamangitse. Ine ndikuti iwo ndi amene anayamba. Tasiyana aliyense akuloza mnzake.

Lamulungu

Palibe amene waulula. Tachedwa.

Tikuchoka kutchalitchi, achemwali alowa kugalaja, abwera ndi phukusi, akhuthulira m'thireyi. Akhala pansi, ayamba kusankha ndi chala chimodzi ngati akusankha mpunga. Tinsomba ta m'shopu uku, usipa uku. Mulu wa usipa sukwana dzanja.

"Ndinadziwa Lolemba," atero, osakweza mawu. "Mfundo ya mayi simuitha kumanga."

Kani sankasungira kudya. Akachoka kuntchito, tsiku likawalemera, amatsegula, amanunkhiza, n'kumanganso mmene mayi anamangira. Maulendo a kugalaja aja ndi amenewo. Ine ndinkaganiza kuti amakachapa yunifolomu.

"Ndinati mlandu suola, ndidikire mpaka Lamulungu, mwina wina abwera yekha kudzandiuza. Tsiku lililonse ndikupeza wachepa. Iwe loya wafunsa alamu ako, wafunsa a Mbewe. Mwini usipa sunamufunse."

Akanakalipa bwenzi zili bwino. Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Alamu akuyang'ana denga ngati muli cholembedwa.

Chigamulo chagwa popanda apilo. Usipa weniweni achemwali aphika okha, adya okha, pang'onopang'ono. Ife tadya tinsomba tathu tamchere, tikumwera madzi. Mbale ndi zathu awiri mpaka malire adzatsegulidwe.

Ndatsegula kompyuta. Ndafufuta mawu oti "yolimba". Ndaonjeza mpanda wachisanu: wolakwiridwa afunsidwe pangano lisanamangidwe. Kaya aphungu adzawerenga, kaya ayi.

Popita kukataya zinyalala ndawaona achemwali m'galaja. Pepala lopanda kanthu lija alipinda bwinobwino, alimanga mfundo ya mayi, alibwezera mufiriji.