Mmene Ndinafikira kwa Apongozi ndi Moshila ya Maluwa

Nkhani iyi ndinkafuna ndife nayo, koma poti akazi anga amaifotokoza pa ukwati uliwonse, mwina ndi pamaliro pomwe, kuli bwino manyazi angawa ndiwaulule ndekha.

Inali nthawi ya Apwitikizi, nkhondo itayamba kumveka ku Tete kuno. Msuweni wanga atamaliza usilikali anandisiyira moshila, chikwama chobereka kumsana chija, cha nsalu yolimba yobiriwira. Ndinaikonda zedi. Koma munthu wamba ukapezeka ndi katundu wa asilikali, asipayo, apolisi a Apwitikizi aja, ankakulawitsa mbalamatodya, kathabwa komenyera m'manja, mpaka zikhatho kutupa.

Ndinapita nayo mobisa kwa a Benedito, osoka zovala pakhonde la kantina, sitolo ya ku Ulongwe.

"Musade nkhawa, a Fabiyano," anatero. "Ndikaigwira ine, ngakhale tropa amene ankaibereka sangaizindikire."

Anachotsa zitsulo zonse. M'malamba anaikamo thonje kuti mapewa asamapweteke. Kenako anaikuta yonse ndi kapulana, chitenje cha maluwa ofiira, n'kusiya nsonga ziwiri zomangira pachifuwa kuti katundu asamagwedezeke pokwera phiri.

"Koma maluwa, a Benedito?"

"Munamuonapo msilikali wa maluwa inu? Puronto, yatha, nyamulani!"

Kunena zoona, chinthucho chinkakoma kumsana. Ndinkathiramo kachewere wodzaza dengu n'kukwera naye mtunda manja ali m'thumba, mluzu uli pakamwa, anzanga makosi atapindika ndi mitolo. M'kathumba ka m'mbali munkakhala chimanga chowotcha. Ndinkadziona ngati munthu wotsogola kuposa onse m'dera lathu, ndipo akandiseka ndinkati ndi nsanje.

Nthawi imeneyo ndinali nditafunsira Rozina wa ku Lifidzi. Mtsikanayo anali atalola, mpango wanga wa chikole ankauvala kumutu. Otsala anali amayi ake, anaBanda, amene anati sanena kanthu mpaka ataona okha khalidwe la mnyamatayo. Tsiku lokaonekera litafika, bambo anandipatsa kamwana ka mbuzi kuti ndisapite chimanjamanja.

Unali mmawa wa mwezi wozizira, nkhungu ili tolo. Kambuziko kanayenda bwino mpaka pamtsinje, kenako kanakana. Ndikakoka, kakhala pansi. Ndikakankha, kagona. Ndinangokapinda miyendo n'kukalowetsa m'moshila, chivundikiro ndinatseka mosiya mpata wopumira, nsonga zija ndinamanga pachifuwa. Katamva kufunda kanagona tulo, ine n'kumadziyamikira nzeru njira yonse.

Ndinapeza anaBanda akupuntha nyemba pabwalo. Mwambo ndinkaudziwa: apongozi suwayandikira, suwayang'ana kumaso. Ndinaima patali pafupi ndi nkhokwe, ndinanjuta, ndinawafulatira bwinobwino n'kuomba m'manja. Ulemu ndinaupereka wonse, ndipo pamodzi ndi ulemuwo ndinawaonetsa msana wonse.

Ndodo yopunthira ija inasiya kulira.

Pomwepo kambuzi kanadzuka. Mawu ake potulukira m'nsalu ziwiri anamveka mwamtundu wina: "Ng'eee! Ng'eee!" Poopa kuti kangandichititse manyazi, ndinayamba kudzigwedeza pang'onopang'ono, dzanja ndikusisita kumbuyo.

"Shii, shii, gona iwe."

Rozina anatuluka m'nyumba akumwetulira. Atafika pamene ndinali, kumwetulira kuja kunazima ngati nyali yatha mafuta.

Amayi ake sakanandilankhula mwachindunji, ndiye anadzera mwa iye.

"Rozina, tawafunsa alendowo. Abisa chiyani m'nsalumo?"

Ndinati basi, nsalu yobiriwira ija yaonekera penapake, andizindikira. Za mbuzi sindinaganizeko n'komwe, poti mphatso siitchulidwa munthu asanakuyalire mphasa.

"Palibe chimene ndabisa," ndinayankha.

"Masulani tione," anatero Rozina.

"Pano ayi, Rozina. Anthu angaone."

"Angaone? Ndiye mukudziwa kuti n'zamanyazi! Mwatenga kuti?"

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona. "Anandisiyira msilikali wina. Koma chonde zisamveke, ndingamangidwe."

"Amayi, ati anawasiyira msilikali!" anafuula Rozina, mudzi wonse kumva.

"Tsitsa mawu, iwe!"

"Bodza lenileni!" anatero Rozina. "Kaberekedwe kameneko si ka lero. Ndi mfundo yomwe mwamanga bwino kuposa ine. Munazolowera inu!"

Apa ndiye pamene uchitsiru wanga unafika pachimake, chifukwa ndinamva ngati akundiyamikira.

"Kuzolowera ndiye ndinazolowera," ndinatero monyada. "Miyezi itatu tsopano. Kulikonse ndimapita nayo, kulemera sindikumva n'komwe."

Rozina anavula mpango wa chikole uja n'kuuponya m'fumbi patsogolo panga. Analira mokweza, manja kumutu. Ndinkamukonda mtsikanayo kuposa chilichonse, ndipo ndinaona ukwati wanga ukutha chifukwa cha chikwama. Mumtima ndinatukwana msuweni wanga, a Benedito ndi maluwa awo omwe.

Ndili chinjutire choncho, ndinamva kufunda kumsana. Kufundako kunatsika, kunadutsa m'chiuno, kunayamba kudontha kuzidendene. Kambuzi kanali katachita zake. Ndinangouma, osagwedezeka, poganiza kuti mwina sizioneka.

Zinaoneka.

Ndinamva ndodo ikugwa pansi, kenako mapazi akubwera molunjika kwa ine. AnaBanda, amene ndimayenera kuwathawa ndikawaona panjira, anaima pamsana panga penipeni.

"Za ulemu zikhale uko!" anakalipa. "Mwana wanyowa, kuzizira kumeneku, inu muli chete ngati chitsa! Kaya ndi wa msilikali, kaya ndi wanu, mwana sanalakwe kanthu. Rozina, siya kulira, kateleke phala!"

Mwana? Mawuwo anandilowa m'khutu mochedwa. Ndinaona mfundo ili pachifuwa panga, ndinaona maluwa ofiira, ndinakumbukira kugwedeza kuja ndi kusisita kuja. Zonse zinandionekera nthawi imodzi.

"Amayi, si... ndimati..."

"Masulani msanga!"

Ndinamasula. Analandira moshila ija mosamala ndi manja awiri, anaifungatira pachifuwa, mawu awo n'kufewa mwakuti mpaka lero ndikakumbuka ndimawakonda mayi amene aja.

"Bwera kuno mwanawe, bwera kwa agogo. Akuzunza eti? Usalire, wafika kwanu, tikulera ife."

Anatsegula chivundikiro pang'onopang'ono kuti mphepo ingamuombe. Munatuluka makutu awiri aatali, kenako mutu, kukamwa kukutafuna nsonga ya kapulana. Kanawayang'ana anaBanda m'maso n'kuwapatsa moni:

"Meee!"

Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowemo ndi moshila yomwe.

Woyamba kuphulika anali Rozina. Anaseka mpaka anakhala pa nyemba zija, misozi yakale ndi yatsopano kusakanikirana. Akusekabe anakwawa n'kutola mpango uja, anaukutumula fumbi, n'kuumanganso kumutu.

AnaBanda sanaseke. Anayang'ana kambuziko nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine, maso ndi maso, koyamba ndi komaliza m'moyo wawo. Anayang'ananso kambuzi. Anapukusa mutu.

"Akamwini," anatero, ndipo liwu limenelo linandibwezera mpweya, "msilikali uja mukungomunamizira. Musamukane mwanayu. Nkhope yonseyi ndi yanu!"

Ndiye inu anyamata, popita kwa apongozi, mphatso yolira iziyenda ndi miyendo yake.