Tsiku Limene Ndinakonola Mbuliwuli

Ku Kawale kuno kuli ana amene mpaka lero akandiona amayamba kuseka asanandipatse moni. Sindiwakwiyira. Ndikanakhala iwo, nanenso ndikanaseka.

Tinali titangosamukira kuno kuchokera kwathu ku Dowa, ndipo mwana wanga Tadala analibe mnzake ngakhale mmodzi. Ankangokhala pakhonde n'kumaonerera ana ena akusewera fulaye, ine mtima n'kumandiwawa. Tsiku lake lobadwa litayandikira, analimba mtima n'kuitana ana asanu a mumzere wathu, n'kuwalonjeza mbuliwuli, zija ana a m'tauni amati popukoni. Kwa ine anangopempha chinthu chimodzi: "Amayi, zisakhale ndi timakoko tija timakanirira m'mano."

Ndinati zimenezo n'zazing'ono. (Ine musi ndinayamba kuugwira ndisanayambe sukulu, ndipo sindichedwa kuuza anthu zimenezi.) Ndinakagula chimanga chake kumsika, chija chachikasu, cha njere zing'onozing'ono zolimba ngati miyala. Ndinabwereka mtondo, n'kuwaza timadzi, n'kuyamba kukonola. Chinandivuta, chinkangothawa mumtondo, koma ndinalimbana nacho mpaka gaga yense anachoka. Ndinapeta, kenako n'kuchiyanika padzuwa masiku awiri kuti chiume bwinobwino. Ndinkadziona ngati ndatulukira nzeru imene Lilongwe yense anaiphonya.

Tsikulo ana anabwera atasamba, n'kukhala pamkeka. Ndinatereka poto pambaula, n'kuthira mafuta ndi chimanga, n'kuvundikira.

"Tcherani khutu," ndinawauza, "chiyamba pompano."

Zii.

Ndinakupiza moto. Ndinagwedeza poto. Ndinawonjezera makala (mumtima ndinali nditamuweruza kale wogulitsa makala uja). Chimene chinatuluka ndi utsi basi. Kamtsikana kena kananong'oneza mnzake kuti, "Tiye tizipita," ndipo Tadala anaweramitsa mutu n'kumakanda mkeka ndi chala. Pamenepo ndinachita mantha enieni. Za poto ndinalibe nazo ntchito, ndinkaopa kuti mawa mwanayu abwerera pakhonde paja yekhayekha.

Fungo la kupserera linakoka Anyagondwe, aneba athu a ku Rumphi amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Anavundukula poto n'kuyang'anitsitsa.

"Amake Tadala, chimangachi mwachitani?"

"Ndakonola, amayi. Ndayanikanso."

Anatseka pakamwa ndi nsalu, mapewa okha n'kumagwedezeka ndi kuseka. Atapezako mpweya anandifotokozera modekha. M'njere iliyonse muli timadzi pang'ono, ndipo khoko lolimba lija ndiye chivundikiro chake. Kutentha kukakula, madziwo amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kusowa potulukira, mpaka njere imaphulika, zam'kati n'kutuwa kunja.

"Ndiye inu mwachotsa chivundikiro, madzinso mwawapereka kwa dzuwa. Chiphulike ndi chiyani?"

Ndinasowa poyang'ana. Thukuta langa lonse lija ndinkakhetsera kupha mbuliwuli.

Koma mayi aja sanandisiye pamanyazi. Anakatenga chimanga chawo chosakonola, ine n'kutsuka poto mwachangu anawo asananyamuke. "Tadala, iwe ndiwe mwini tsiku," anatero, "bwera ukhale pafupi, utiuze chikayamba." Pasanapite nthawi tinamva phu, kenako phu-phu-phu, chivundikiro n'kuyamba kunyamuka chokha. Kamtsikana kamene kankafuna kupita kaja ndi kamene kanagwira Tadala dzanja, onse awiri akudumphadumpha.

Anawo atabalalika, Tadala anabwera akutokosa m'mano ndi lilime.

"Amayi, khoko landikanirira."

"Lisiye, mwanangu. Khoko limenelo ndi limene lakupezera anzako."

Ndinena zoona, sindinasinthiretu. Mpaka pano ndikaona chimanga chosakonola manja amandiyabwa. Koma m'mawa mwake mwa tsiku lija ndinamva ana akuitana pampanda, mpira wa fulaye uli m'manja: "Odi, kwa amayi okonola popukoni, Tadala alipo?" Dzinalo linandikanirira kuposa khoko, ndipo ndimavomera ndi mtima wonse, chifukwa pakhonde paja sipakhalanso munthu.