Mluzu wa pa Chinkhoswe cha Tadala

Inu amene mumati mkazi sadziwa za mawaya, senderani kuno, chifukwa ine Nachisale wa ku Dambe sindinapite ku sekondale kukasewera fulaye ayi. Ndikanama, mphenzi!

Tsiku la chinkhoswe cha mwana wanga Tadala, a Fanuelo, eni zoimbira, atangoyatsa ampulifaya yawo, inayamba kuliza mluzu, fiii, woonda ngati singano, ine mtima phaa! Paja kwathu kuno tikamapeta tirigu timaimba mluzu kuitana mphepo, ndipo imabweradi. Nanga mluzu wa masipika anayi? Mukumva?

Mphepo inabwera yonse, ya chaka chino ndi ya chaka chamawa, inazula chisakasa ndi mizati yake, inasosola nkhuku zamoyo, batani lozimitsira ampulifaya linauluka, kenaka inanyamula ankhoswe akuchimuna, bambo woonda wa jekete lalikulu, moti anangotsala lende panthambi ya mnachesi, miyendo italoza ku Mozambique. Popanda ankhoswe pali banja, eti? Makolo a mnyamata anali atayamba kale kutola zikwama, akuti, "Mudzi uno ngwamasalamusi, tiyeni tizipita." Tadala misozi mbwee, akundiyang'ana ine.

Ndinakwawa mpaka pansi pa tebulo pamene a Fanuelo anabisala. Ndinachotsa maiki pafupi ndi sipika, mluzu osaleka. Ndinazula waya wa maikiyo, osaleka. Ndinamasula mawaya a nyimbo amene anapotana ndi a masipika, unangosintha mawu ngati wakwaya. Uko ankhoswe atsala ndi zala ziwiri panthambi! Ndinatsegula chibokosi cha ampulifaya ndi supuni, ndipo ndinaona kawaya kopita pansi kataduka, kakugwedera. Cholumikizira panalibe, ndiye ndinavula nsapato, ndinakaluma kawayako ndi mano awa, dzanja pachitsulo, phazi ndi kuliponda m'matope a madzi otayika mumtsuko. Moto unalowera m'kamwa, unatsika msana, unatulukira kuchidendene, mbatata za m'munda wa pafupi ndi kupsa zokha m'mizere. Mluzu zii! Mphepo inachita manyazi, ankhoswe anatera pampando pawo penipeni, mwambo unayamba, ine chilumire mpaka Tadala atalandiridwa.

A Fanuelo amauza anthu kuti mluzu unaleka chifukwa batire inangotha. Inde inatha, sindikana. Koma motowo unapita kuti? Chiyambire tsiku limenelo foni yanga sindinatchajepo. Ndimangoiika m'khwapa basi.