Khoma Lakumbuyo

Lolemba

Bambo a Tadala atumiza kanema kuchokera ku Tete komwe akumanga nyumba za anthu. Mawu palibe, ngakhale kufunsa za mwana. Kanema yekha. Chimakina cha dzanja limodzi, lalitali ngati bulugamu, chikutola njerwa n'kuika pakhoma, ina, inanso. Munthu palibe!

Ntchito yawo yatha basi. Ndipo mwamuna ntchito ikamuthera ku Tete sabwerera kuno ku Thambani, amapitirira ku Joni. Amuna a anaBanda oyandikana nafewa anapita choncho, mpaka lero zii.

Ndaimba, foni sikulowa. Tadala akungoyamwa, sakudziwa kuti zinthu zavuta.

Lachiwiri

Nzeru ndaipeza! Ndiphunzira kumanga. Akamva kuti kumudzi kuli mmisiri mnzawo abwera, tizigwira awiri. Manja anayi. Chimakinacho chili ndi limodzi.

Poyambira palipo. Nyumba yathu yatsopano anaisiya ilibe khoma lakumbuyo, njerwa zili mulu pansi pa mtengo wa mango.

Zofunika:
njerwa, zilipo
dothi, lilipo
madzi, mjigo uli kutali
zida, anapita nazo zonse
chingwe choongolera khoma, chimenecho anasiya, koma ndimayanikapo matewera

Ndaoneranso kanema uja bwinobwino. Makina sagwiritsa chingwe. Matewera akhale pomwepo.

Lachitatu

Ndikuponda matope mwana ali kumsana. Akuseka, akuyesa ndikumuvinira. Matopewo ndikupaka ndi manja, zala zachita kutupa.

Zomwe chimakina sichichita: kuyamwitsa, kutunga madzi, kupirikitsa nkhuku, kufunafuna patapata amene wamira m'matope.

Apongozi adutsa akuchokera kudimba. Akuti, "Mkazi pakhoma? Kodi mwana wanga wamwalira osandiuza?" Ndawaonetsa kanema. Ayang'anitsitsa, kenako akuti, "Nanga chimenechi chimadya chiyani?" Apita. Njerwa ngakhale imodzi osandinyamulirako.

Ndikulankhula ndi Tadala ngati wamkulu. Akuyankha ndi malovu.

Lachinayi

Makina sapuma, inenso sindipuma. Bambo a Tadala amakonda kunena kuti khoma la matope umalisiya ligone liume, sulikweza tsiku limodzi. Izo ndi zakale. Lafika m'chiuno. Lafika pachifuwa!

Ndaima patali kuti ndilione. Likukhala ngati lawerama, ngati likupereka moni kwa mtengo wa mango. Mwina ndi maso angawa. Ndapendeketsa mutu, laongoka.

Msana ukuwawa zedi. Wondithira madzi otentha palibe. Foni sikulowabe.

Lachisanu

Khoma latuluka mimba.

AnaBanda, ali kuseri kwa mpanda: "Asisi, khoma lanuli ndi la miyezi ingati? Sikelo mwayamba?" Ndaseka nawo kuti asaone kuti ndikufuna kulira.

Wakabaza wina waima panjira osatsika n'komwe panjinga. "Mayi, mwanayo muchotsenipo pamthunzipo." Mayo ine! Ndinamugoneka pamphasa m'munsi mwenimweni mwa khoma. Ndamunyamula msangamsanga. Sindimutsitsanso.

Ndalichirikiza ndi musi, mpini wa khasu ndi benchi. Kenako ndazungulira mpaka ndapeza mbali imene mimba siioneka, ndalijambula, ndatumiza ku Tete. Ndalemba kuti, "Onani." Chithunzi chikungozungulira, chakana kupita.

Loweruka

Mbuzi ya apongozi yabwera kudzadzikanda pa musi.

Gumuu!

Fumbi lokhalokha. Tadala ali kumsana kwanga, Mulungu ngwabwino, ndamukhudza mutu, manja, timiyendo, zonse zilipo. Mbuzi yatuluka m'fumbimo ikutafuna. Benchi lathyoka. Musi uli pansi pa njerwa, sindikudziwa ndisinjira chiyani.

Apongozi abwera akuthamanga, chitenje m'manja. Apita kwa mbuzi. Aitembenuza uku ndi uku. Akuti, "Mwayi wanu siinavulale."

Ndakhala pamulu wa njerwa. Foni yalira kuti tii. Chithunzi chija chapita tsopano, khoma litagwa kale.

Lamulungu

Ndikuchokera kutchalitchi, foni ikuitana. Ndi iwowo!

Ndikufunsa za chimakina. Akuseka mpaka kutsokomola. Akuti si ku Tete kumeneko, ndi kwa azungu kutali, mnzawo wapantchito anawatumizira, iwonso anangoti ndisekeko. Ku Tete njerwa amaika ndi manja ngati kwathu konkuno. Ku Joni sakupita. Ntchito yachita kuchuluka, abwana awo apezanso nyumba ina.

Ndiye akuti, "Chithunzi ndachiona, mayi a Tadala. Wamanga ndani? Khoma labwino ndithu. Ine ndimati ndibwere mvula isanayambe ndidzatseke kumbuyoko, koma poti mwatseka kale, palibe chothamangira. Tionana mukakolola."

Ndatsegula pakamwa kuti ndinene. Foni yaduka. Ndaimba, sikulowa.

Ndikusanjanso njerwa pansi pa mango, zosweka pazokha. Kumwamba kwayamba kuda cha ku Zobue. Matewera auma, ndikuanula. Chingwe chili gwa, choongoka bwino.

Chimakina iwe, bwenzi utangofika ku Tete.