Njerwa ya Apongozi

Lolemba
Pakamwa pangapa! Kumunda wa thonje alamu anga a Fulaide akundiseka, ati mkamwini wa manja ofewa ngati kalaliki. Ine osaganiza: "Manja amenewa amaswa njerwa. Karate!" Apongozi aamuna amva. Ati, "Pyadidi, chabwino. Loweruka tidzaonere." Karate yakeyo ndinangoonera pa foni. Koma miyezi itatu ndili pachikamwini kuno kwa Maseya, palibe wandiyesapo munthu. Ndikaswa njerwayo mwina ayamba kundipatsa mpando.

Lachiwiri
Ndikuyeserera kuseri kwa khola la mbuzi. Zala kuphatikiza, chachikulu kupinda, kutema ndi m'mbali mwa chikhatho, kukuwa. Phesi la mapira: thyo! Papaya wakupsa: phwa! Nzimbe: yangopindika pang'ono, ine misozi mbwe.

Lachitatu
Nzeru zabwera. Ndatenga chidina, njerwa yosaotcha, ndachipaka fumbi lofiira, ndabisa pansi pa nkhokwe. Mkazi wanga akuti, "Bambo, bwanji osangonena kuti munkacheza?" Sindingathe. Manyazi.

Lachinayi
Chidina chasowa! Ndachiona kukhitchini. Apongozi aakazi achisandutsa fuwa, aterekapo nyemba. Nyemba! Tsiku lonse pamoto. Chikupsa ndikuona ndi maso angawa. Ndikachitenge ndinene kuti n'chachiyani?

Lachisanu
A Fulaide alengeza pamjigo, pachigayo, ngakhale kukwaya. Apongozi aamuna asankha okha njerwa ku uvuni wawo, yakuda, ya pafupi ndi moto. Akaigogoda ikulira ngati khasu. Ndikupempherera malungo. Thupi lili bwinobwino, lopanda chisoni.

Loweruka
Ndikulemba ndi lamanzere.
Obwera: akwaya onse, a kabaza anayi, azimayi ndi zidebe zawo pamutu. Njerwa aigoneka pa zinzake ziwiri. Ndavula malaya, sindikudziwa chifukwa chake. Kukuwa koyamba n'kwa karate. Kwachiwiri n'kwanga. Ndaitana amayi anga, dzina lawo lenileni, pamaso pa anthu! Njerwa ili phee, ngakhale kamng'alu. Bola akanaseka. Onse kungoyang'ana pansi. Apongozi aamuna aitola, aipukuta, ati, "Njerwa zanga n'zabwino ndithu."

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita. Dzanja latupa ngati dzungu. Wodziwa kuthowa mudzi wonse uno ndi mmodzi: apongozi aakazi, amene mwamwambo ndikakumana nawo panjira ndimapatukira kutchire. Lero tili pamphasa imodzi. Iwo nkhope kumbali, ine nkhope kukhoma, dzanja langa lili m'manja mwawo. Madzi otentha, akufinya osanyengerera, ine kulira sindingalire. Sakundilankhula, akuuza mwana wawo, mkazi wanga: "Uwauze bambowa kuti fupa silinathyoke. Uwauzenso kuti thonje silinathe m'munda, ndipo lamanzere ali nalo."
Ndayankha khoma kuti zikomo. Mawa m'mamawa kumunda.