Tsiku limene ndinafukiza piyano

Ana asanu ndi awiri ndinalera osatayapo ndi mmodzi yemwe, koma piyano imodzi yokha inandilaka, moti ku Makwasa anthu akundisekabe.

Msana utakana dengu la tiyi, ndinapeza ntchito yosesa m'nyumba mwa aPulofesa, bambo amene anakalambira pakoleji akuphunzitsa Chifalansa ndi kuimba piyano. Piyano yawoyo inkakhala pabalaza, chibokosi chakuda cha mano ambirimbiri. Anandiuza kuti ndizingoipukuta fumbi, basi.

Nthawi yoti apume pantchito itakwana, ophunzira awo akalekale, ena a imvi kale, anapangana zobwera kunyumbako Lamulungu kuti aPulofesa adzawaimbire komaliza. Ndiye chiperoni chinagwa masiku anayi osakata. Lachisanu m'mawa ndinamva piyano ikulira mosasa mawu.

"Chinyezi chalowa, mayi," anatero aPulofesa akupukusa mutu, n'kunyamuka wa kukalasi.

Ine chisoni. Mawu osasa, kunja kukuzizira, matenda amenewo ndimawadziwa (za chipatala sindinaphunzire, koma kafunseni adzukulu anga). Ndinathyola masamba a bulugama, kuwiritsa mumphika waukulu, kuuika pafupi ndi mapazi a piyano, n'kufunditsa zonse mabulangete awiri. Nthunzi itachepa ndinawiritsanso. Poona kuti wodwalayo ndi wamkulu thupi, ndinatsegula chivundikiro chake kuti mankhwala afike m'chifuwa. Katatu konse, mpaka thabwa linachita thukuta. Ndinati eyaa, matenda akutuluka.

Madzulo aPulofesa anayamikira kuti sopo wokolopera watsopanoyu akununkhira bwino. Pa Sabata tinaswera kutchalitchi, piyano sanaikhudze.

Lamulungu balaza linadzaza. APulofesa, suti ili pathupi, anakhala pampando, kuwongola zala, n'kudina. Dzino linalowa, osabwerera. Lachiwiri chimodzimodzi. Akadina khumi amalira atatu, nawonso ngati mbuzi yothinidwa ndi chingwe. Anayankhula Chifalansa chachitali chimene ophunzirawo anakana kundimasulira. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, mwaitani piyanoyi?"

"Ndaifukiza, bambo."

"Mwai... chiyani?"

"Ndi bulugama. Katatu. Kungoti mafuta opaka pachifuwa ndinalibe."

Mayi wina wa jekete anathamangira panja atagwira pakamwa. Zaka zonse zimene bamboyo anaphunzitsa, nyimbo yotsanzikira sanaimbe. Alendo anangoimba pakamwa, eni ake atagwira m'mutu, ine ndili kukhomo ndikuganiza zokapemphanso dengu kuesiteti.

Ntchito sanandichotse, Mulungu awadalitse. Mmisiri amene anabwera kuchokera ku Blantyre anasuzumira mkati, n'kunena kuti piyano iume kaye mwezi wathunthu.

"Mwezi?" ndinatero ine. "Bambo, ndikoleze mbaula pansi pake, mawa lomweli iuma."

Kuyambira tsiku limenelo pabalaza amasesa okha aPulofesa, kiyi ali m'thumba. Koma ine mpaka lero ndimati akanangondilola.