Mitengo Imene Ndinabzala Papepala

Mpaka lero ndikamva mawu oti "kubzala mitengo" ndimatuluka thukuta, ndipo amene anandipalira moto umenewu si wina ayi, ndi nsanje yanga yomwe.

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yolembera makampani malipoti apachaka osonyeza mmene akusamalira chilengedwe: utsi umene atulutsa, madzi amene agwiritsa ntchito, zinyalala zimene ataya. Kwa zaka zambiri katswiri ndinali ine. Kenako kunabwera Yamikani, mnzanga wakwathu ku Ntcheu, amene ndinakamuchingamira ndekha pa siteshoni ya mabasi ya Park Station atanyamula chikwama chong'ambika, n'kumugoneka miyezi itatu pampando wa sofa kunyumba kwanga ku Bertrams. Ntchitonso ndinamupezera ndine (zimenezi ndimauza aliyense, ngakhale asanandifunse).

Yamikani anabweretsa pulogalamu ya pakompyuta yophunzira yokha: umaipatsa malipoti akale, iyo n'kukulembera latsopano tsiku limodzi. Ine lipoti limodzi linkandidyera mwezi wathunthu. Bwana wathu, mayi wa Chizulu wosaonetsa mano chisawawa, anayamba kumumwetulira Yamikani, n'kulengeza kuti mmodzi wa awirife adzatsogolera gulu lonse. Sindibisa, mtima unandiwawa zedi.

Ndinawerenga lipoti la makinawo mzere ndi mzere kusaka cholakwa, ndipo ndinachipeza. Ndime ina inkati kampani yogulitsa matayala ku Fordsburg "imabzala mitengo pamodzi ndi anthu am'deralo". Malowo ndimawadziwa. Pabwalo pake ndi simenti yokhayokha, ngakhale udzu sumerapo.

Ndikanatha kungomunong'oneza Yamikani. Koma ndinadikira msonkhano wa Lolemba kuti onse amve.

"Bwana, tamvani bodza la makinawa," ndinatero nditaimirira, n'kuwerenga ndimeyo mokoka mawu. "Wolemba zoterezi ndi woyenera kumuchotsa ntchito!"

Yamikani anandikoka jekete. "Achimwene, isiyeni kaye imeneyo, tikambirana panja."

"Ukuopa chiyani? Tisonyeze kumene yazitenga!"

Anandiyang'ana mwachisoni, n'kudina batani (kani pulogalamuyo imasonyeza kumene yatenga chiganizo chilichonse). Pakhoma panaoneka malipoti akale a makampani osiyanasiyana, onse ali ndi ndime yomweyo, dzina langa lili m'munsi. Ndikatopa ndinkangoikopera chaka ndi chaka, ndipo makinawo anaphunzira bodzalo kwa ine.

"Eish," anatero bwana, akuvula magalasi. "Ndiye mwati tichotse ndani?"

Sanandichotse, chifukwa Yamikani yemweyo anandipepesera, chimene chinandiwawa koposa. Lero Yamikani ndiye mkulu wa gulu lathu, ndipo ntchito yoyamba imene anandipatsa ndi yoyendera makampani onse aja kukawerenga mitengo yanga. Mpaka pano ndapeza umodzi, wapulasitiki, pakhomo pa ofesi.

Ndaphunzirapo kuti wakwanu akakukoka jekete uzikhala pansi. Koma nsanje yokha ikadalipo, ndipo za mpando wa ku Bertrams ndimazinenabe.